Kwa azakhali, za jakisoni wa m'diso la agogo

Eee azakhali mwaswera bwanji, pepani ndachedwa kuyankha, voice yanu ija yalowa ndili mu minibasi ya ku 25 nde ndi phokoso lake ndinati ndikafike kaye pakhomo ndikhale pansi. Mwafunsa kuti adokotala akuti agogo akufunika jakisoni wa m'diso, kodi ndi zoona amabaya m'diso mwenimwenimo, diso silingaphulike, komanso bwanji tisangodikira aja amabwera kudzaona anthu a ng'ala kumudzi aja. Ndikuyankheni bwinobwino poti njira imeneyi ndayenda nayo ndi apongozi anga aakazi chaka chathachi.

Azakhali, zimene analemba pa kabuku ka agogo mwajambula kaja si ng'ala ayi. Ng'ala imakhala kutsogolo kwa diso, amachotsa n'kuikapo kagalasi kena munthu n'kuyambanso kuona, ndipo olo idikire miyezi ingapo nthawi zambiri sipawonongeka kanthu. Izi za agogo zili kumbuyo kwenikweni kwa diso, pa retina, pakatikati pake pali kamalo kakang'onong'ono amati macula, kameneko ndi kamene timawerengera Baibulo, kulowetsera ulusi pa singano, kuzindikirira nkhope ya munthu. Nde ukalamba ukafika, kwa ena pansi pa kamaloko pamamera timitsempha ta magazi tosafunika, tofooka, timangochucha madzi ndi magazi, pamalopo n'kutupa. Ndi chifukwa chake analemba kuti wet, kutanthauza nthenda ya macula yonyowa. Pali ina youma imene imayenda pang'onopang'ono kwa zaka, koma yonyowayi imathamanga, masabata ochepa chabe munthu amatha kutaya kuona kwa pakati, ndipo pakachita chipsera basi palibe jakisoni angabwezeretse. Apa ndi pamene ine mtima wanga uli m'mwamba, zodikira mpaka tikolole kapena mpaka Khirisimasi tikakumane tonse chonde ayi.

Apongozi anga zinayamba ndi njerwa. Anakhala pakhonde tsiku lina akuti mwanawe amene anamanga mpandawu anali ataledzera kodi, mizere yonseyi yapindika. Ife kuyang'ana mpanda uli bwinobwino. Kenako zitsulo za pawindo akuti zikuoneka ngati njoka, kenako mdzukulu wawo akabwera kutsogolo kwawo amaona ndolo ndi tsitsi koma nkhope pakati pali chimthunzi, chonsecho nkhuku ikadutsa chakumbali akuiona n'kuipirikitsa. Anthu ena mpaka anayamba kunena kuti akunamizira. Sankanamizira, matendawa amatero, amadya pakati n'kusiya m'mbali. Ndiye ngati agogo akuyenda okha kupita kudimba musati ali bwino. Ifeyo tinataya pafupifupi miyezi iwiri tikugula timankhwala todontheza, wina anabweretsanso masamba ofinyira m'maso, diso lakumanzere linapita choncho, zimandipweteka mpaka lero. Lakumanja ndi limene tinalipulumutsa.

Tsopano za kubayako. Zoona amabaya m'diso, sindikunamizani, koma si mmene mukuganizira. Amayamba akujambula kumbuyo kwa diso ndi makina amati OCT, munthu amangotsamiritsa chibwano basi, sakhudza diso, pa kompyuta amakuonetsani madzi aja ali ngati kathumba pansi pa retina. Kenako m'chipinda amadontheza mankhwala ochititsa dzanzi kangapo, amapukuta ndi ayodini uja wofiirira kupha tizilombo, n'kuika kachitsulo kogwira zikope kuti asaphethire. Ine anandilola kuima chakukhomo nditavala masiki. Adokotala anati amayi yang'anani uko, kasingano kake kowonda kwambiri, amalowetsa pa choyera cha diso chakumbali, ngati mamilimita 4 kuchoka pamene pathera chakuda, mankhwala ake ndi 0.05 ml yokha, kadontho. Ndisanamalize n'komwe kupemphera mumtima anali atatha. Apongozi akuti anangomva ngati wina wadina ndi chala, chimene chinawavuta kwambiri ndi kuyabwa kwa ayodini madzulo ake, ngati muli mchenga m'diso, kutacha kunali bwino. Diso siliphulika azakhali.

Mankhwalawo ntchito yake ndi kutseka chinthu china m'thupi amati VEGF, ndi chimene chimalamula timitsempha tija kuti timere ndi kuchucha. Mayina mudzamva ndi Avastin, Lucentis, Eylea. Mukapita pa intaneti mudzaona kuti Avastin ndi mankhwala a khansa, musadzidzimuke n'kuyamba kulira kuti akutibisira, agogo alibe khansa. Anapangidwira khansa ya m'matumbo zoona, koma cha m'ma 2005 madokotala a maso anapeza kuti kadontho kake kamagwira ntchito m'diso, Lucentis anavomerezedwa ku America mu 2006, Eylea mu 2011, ndipo kafukufuku wamkulu wa ku America komweko anayerekeza Avastin ndi Lucentis n'kupeza kuti pa kuona zimathandiza mofanana. Kusiyana kwakukulu ndi mtengo, Avastin ndi wotsika kutalitali, nde akakuuzani Avastin musaone ngati akupatsani za anthu osauka. Jakisoni yemweyu amabayanso anthu a shuga amene maso atupa kumbuyo, pamzere mudzakumana nawo ambiri.

Koma chimene ndikufuna aliyense pa gulupu pano amve, amalume nanunso mukumvera ndikudziwa, si jakisoni mmodzi. Mankhwalawa amatha mphamvu m'diso pakapita masabata. Amayamba ndi atatu, mwezi ndi mwezi, kenako amajambulanso, kukauma amatalikitsa, masabata 6, 8, mpaka 12, madzi akabwerera amafupikitsanso, ena amapitiriza zaka. Ndipo cholinga chenicheni ndi kusunga kuona kumene kwatsala, ena amaonako bwino kuposa kale, ambiri kumangoima pomwepo osaipiraipira, nde agogo akadzati ndabayitsa kawiri koma sindikuwerengabe nyimbo za m'buku ndasiya, musawalole. Apongozi atabayitsa wachiwiri anati mpanda wawongoka ndachira, tinachita kuwanyengerera kuti apite wachitatu. Pano akusankha okha mpunga pa lichero ndi diso limodzi lija.

Akabayitsa, kadontho kofiira pa choyera cha diso si vuto, kamatha kokha, kuona timadontho takuda kapena tithovu tikuyandama tsiku loyamba si vutonso. Asatikite diso, asasambe madzi kulowa m'diso masiku oyambawo, fumbi la ku Mitundu lija ndi utsi wa kukhitchini atalikirane nazo, ndipo pobwerera asakwere kabaza okha, maso amakhala mbuu. Koma mvetsetsani apa, ngati diso layamba kupweteka kwambiri ndipo ululu ukukulirakulira, lafiira lonse, kuona kwatsika kuposa mmene analili, kapena akulephera kuyang'ana kuwala, makamaka m'sabata yoyamba, ameneyo akhoza kukhala matenda alowa mkati mwa diso. Sizichitikachitika, koma zikachitika ndi tsiku lomwelo kuchipatala cha maso, olo ndi Lamulungu, osati Panado n'kugona. Komanso muwauze adokotala ngati agogo anadwalapo sitiroko kapena mtima posachedwa, ndi mankhwala onse amene akumwa mutenge m'kajumbo akaone, a BP asasiye okha. Chingambwe chija nacho chithe, fodya ndi amene amakolezera kwambiri matendawa, ndipo diso linalo lili pangozi. Tsiku lililonse azitseka diso limodzi n'kuyang'ana felemu la chitseko, kenako linalo, likayamba kupindika atiuze msanga.

Nde tichite chonchi. Ngati tsiku anakupatsani kale, musalisinthe. Ngati sanakupatseni, kabuku kaja mubwere nako ku chipatala cha maso cha Lions ku Central, mufunse kuti jakisoni woyamba abayira kuti, liti, ndi ndalama zingati, n'kufunsiratu za onse atatu pamodzi kuti tisonkhe kamodzi tisadzaime panjira. Agogo abwere dzulo lake adzagone kuno, chipinda cha ana ndikonza, m'mawa ndiwaperekeza ndine ndapempha kale kuntchito. Ya transipoti yochokera ku Mitundu ndikutumizirani pa Airtel Money usiku uno, mundiuze ngati nambala ndi yomwe ija. Muwapatse foni agogo madzulo ndiyankhule nawo ndekha, mwinanso ndiwalumikize ndi apongozi awafotokozere okha za kasingano kaja.