Funsani Abusa: Za masika, phwando la mpingo ndi nkhata ya Adventi kuchigwa

Makalata ambiri a mwezi uno achokera ku Chikwawa ndi Nsanje. Tasankhapo asanu. Oyankha ndi abusa ndi akuluakulu a mipingo amene amathandiza tsamba lino.

Abusa, mpingo wathu umachita masika mu Juni chifukwa kalendala yochokera kulikulu imatero. Koma ife ambiri chimanga chathu ndi cha m'dimba, ndipo Juni amatipeza tikupalira. Kodi tingalakwe kusuntha tsikulo? Mwana wanga amene ali ku America akuti kumeneko amachita mu Novembala.
Mkulu wa mpingo, Makhanga

Bambo, simungalakwe. Malemba anamangirira masika ku munda, sanawamangirire ku mwezi wa Juni. Pa Deuteronomo 26 mlimi akuuzidwa kuika zipatso zoyamba za m'munda mwake mu dengu ndi kupita nazo kwa wansembe, ndipo pa Deuteronomo 16:13 chikondwerero cha misasa chikudza anthu atamaliza kututa. Juni amakomera anzathu akumtunda amene amakolola kamodzi.

Kuchigwa kuno timakolola kawiri. Minda ya kumphala imapereka mapira, mchewere, chitowe ndi thonje kuyambira cha mu Epulo mpaka Julayi. Madimba a m'mbali mwa Shire ndi Ruo amabzalidwa madzi akaphwa, ndipo chimanga, nyemba ndi mbatata zake zimatuluka cha mu Seputembala ndi Okutobala. Mpingo umene anthu ake amadalira dimba uchite masika aakulu mu Okutobala, ndipo ngati alimi a thonje ndi ambiri, pakhalenso Lamulungu lina laling'ono mu Julayi iwo atagulitsa. Musafike pakati pa Novembala. Mvula ikayamba ngolo sizidutsa bwino, ndipo inu a ku East Bank mukudziwa mmene msewu umakhalira. Lemberani kulikulu chaka chikangoyamba, mufotokoze chifukwa chake ndi mwezi umene gawo lawo lidzafike. Chimene chimawakwiyitsa kawirikawiri ndi kungoona ndalama sizikubwera popanda mawu.

Za ku America, tsikulo limakhala Lachinayi lachinayi la mwezi wa Novembala. Abraham Lincoln analilengeza kukhala la dziko lonse mu 1863, ndipo lamulo lokhazikitsa tsikulo linadza mu 1941. Ndi holide ya boma imene mabanja amasonkhana kudya nkhukundembo, osati tsiku lotula zokolola kutchalitchi. Ku Canada amachita Lolemba lachiwiri la Okutobala poti amakolola msanga.

Abusa, madzi anatitengera zonse. Masika akubwera ndipo amayi ambiri akuti sadzabwera kutchalitchi chifukwa cha manyazi. Kodi munthu wopanda kanthu amayamika bwanji?
Mayi wa Mvano, Nsanje

Mayi, pepani kwambiri. Manyazi amenewa amachokera ku kachitidwe ka mwambo, ndipo kachitidwe kangathe kusinthidwa. Kumene mlembi amaima kutsogolo nkumawerenga kuti banja lakuti matumba atatu, banja lakuti ndowa imodzi, wopanda kanthu amatsalira kunyumba. Uzani akulu a mpingo kuti chaka chino maina alembedwe m'kaundula basi, asawerengedwe. Zopereka zilowe ndi mudzi kapena mphakati, onse akuimba pamodzi, kuti pasaoneke amene wanyamula chiyani. Mulengezenso milungu itatu isanakwane kuti chilichonse chilandiridwa: mtolo wa nkhuni, mphasa, tsache, mlamba wouma, mazira awiri, ngakhale lonjezo la tsiku limodzi logwira ntchito kumunda wa mpingo. Paulo pa 2 Akorinto 8:12 akunena kuti mphatso imalandiridwa monga mwa zimene munthu ali nazo, osati zimene alibe.

Kwa olalikira tili ndi pempho. Chigwa chino chinamira mu 2015, mu 2019, mu 2022, ndiponso mu 2023 ndi namondwe wa Freddy. Kuuza anthu otere kuti madzi anadza chifukwa sapereka chakhumi ndi kuwapweteka kawiri, ndipo si zoona. Yambani ndi pemphero lotchula zimene zinatayika, ziweto, nyumba, ndi abale amene anapita. Mukatero werengani Habakuku 3:17-18, pamene mneneri akukondwera mwa Mulungu minda ili yopanda chakudya ndi makola ali opanda ng'ombe. Musamufulumizitse munthu kumwetulira.

Ndipo musanagulitse kanthu, patulani gawo la amasiye, okalamba ndi amene anataya zonse. Lamulo la pa Levitiko 19:9-10 losiya khunkha m'munda ndi lomwelo.

Abusa, chaka chatha tinalandira matumba ambiri, koma pofika Januwale theka linali litafumbwa, ena sanaoneke kumene anapita. Anthu akundiloza chala. Chaka chino ndichite bwanji?
Msungichuma wa mpingo, Ngabu

Bambo, mavuto anu ndi awiri, anankafumbwe ndi kaundula. Tiyambe ndi kaundula chifukwa ndi amene amagawa mpingo.

Musalandire katundu muli nokha. Pakhale anthu atatu: woyeza pa sikelo, wolemba, ndi mboni yochokera kwa amayi kapena achinyamata. Lembani makilogalamu, musalembe "thumba" kapena "ndowa", pakuti thumba lina limakhala la makilogalamu 50, lina losadzaza, ndipo mkangano umayambira pamenepo. Tsiku lomwelo onse atatu asayine pansi pa chiwerengero chonse, ndipo Lamulungu lotsatira chiwerengerocho chilengezedwe. Chitseko cha mosungira chikhale ndi maloko awiri, makiyi kwa anthu awiri osiyana, ndipo abusa asakhale mmodzi wa iwo. Sikuti tikuwakayikira, tikuwateteza. Paulo yemwe anafuna kuti abale osankhidwa ndi mipingo amuperekeze potula chopereka, kuti wina asamunenere (2 Akorinto 8:19-21). Ngongole ya chimanga cha masika ikanidwe kwa aliyense. "Ndibweza ndikakolola" ndi kumene matumba ambiri amasowera.

Zosachedwa kuwonongeka, monga tomato, nsomba, nthochi ndi mbatata, zigulitsidwe tsiku lomwelo mapemphero akatha. Mbuzi ndi nkhuku nazo zisagone mlungu, chifukwa ikafa kapena kubedwa ili kwa munthu, mlandu wake sutha.

Tsopano mbewu. Chimanga cha masika chimachokera m'nyumba zambiri, china chouma, china chachinyezi, china chili kale ndi anankafumbwe, ndipo mukachisakaniza chodwala chimapatsira chabwino. Kutentha kwa kuno kumapangitsa tizilomboti kuswana msanga kuposa kumtunda. Khuthulani thumba lililonse palokha, mupete, muchotse chofumbwa kuti chipite kuchigayo msanga. Yanikani pa tenti kapena mphasa, osati padothi. Poyesa ngati chauma, ikani supuni imodzi ya mchere wouma bwino ndi chimanga chodzaza dzanja m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule, mudikire pang'ono. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chibwerere padzuwa.

Chikauma, sankhani njira imodzi. Mukathira mankhwala aufa monga Actellic, tsatirani muyeso wolembedwa pa botolo ndipo musakanize ndi fosholo mpaka afike paliponse. A pamsika opanda chizindikiro asiyeni. Mukagwiritsa ntchito matumba a PICS, mankhwala safunika: matumbawa ali ndi mapepala awiri apulasitiki mkati, ndipo tizilombo timafa posowa mpweya. Finyani mpweya, mumange pepala lililonse palokha, musamatsegule kawirikawiri. Khoswe akaboola, thumbalo latha ntchito. Sanjani pa thandala lokwera, motalikira khoma, ndipo ngati tchalitchi chili pamalo pofika madzi, sungani kwina kokwera. Mitengo ya chimanga imakwera cha mu Januwale ndi Febuluwale, choncho kusunga kuli ndi phindu, koma pokhapokha mukamayendera matumbawo milungu iwiri iliyonse.

Abusa, tikufuna kudzadyera pamodzi tsiku la masika, anthu pafupifupi 200. Tigule zochuluka bwanji?
Wapampando wa achinyamata, Nchalo

Achimwene, werengerani kilogalamu imodzi ya ufa pa akuluakulu anayi kapena asanu, ndiye kuti thumba limodzi la makilogalamu 50 likwana. Mukasankha mpunga, kilogalamu imodzi idyetsa anthu asanu ndi atatu, ndiye mugule makilogalamu 25. Mbuzi yaikulu bwino imatulutsa nyama yoposa pang'ono makilogalamu khumi, choncho zitatu zikwana mukawonjezera nyemba makilogalamu 15 ndi masamba.

Chimene chimalakwika ndi nthawi ndi kagawidwe. Mu Okutobala mpunga ndi nyemba zophikidwa mbandakucha zimasasa mapemphero akafika 2 koloko. Ophika ayambe mapemphero ali mkati kuti chakudya chidyedwe chotentha. Madzi akumwa athiridwe klorini ndi kudikira mphindi 30, ndipo posamba m'manja muzithirirana ndi sopo, osati kuviika m'beseni limodzi, kuopa kolera. Ana ndi okalamba alandire poyamba, gome la akuluakulu pambuyo. Wina kukhuta pamene mnzake ali ndi njala ndi zimene Paulo anadzudzula ku Korinto.

Abusa, achinyamata akufuna kuyamba nyimbo za Khirisimasi Disembala akangolowa. Adventi imayamba liti kwenikweni, ndipo nkhata yake timakonza bwanji? Chaka chatha makandulo anapindika tisanawayatse.
Katekisiti, Bangula

A katekisiti, Adventi ili ndi Malamulungu anayi. Pezani Lamulungu lomaliza tsiku la 25 Disembala lisanafike, limenelo ndi lachinayi, kenaka bwererani milungu itatu. Loyamba limagwa pakati pa 27 Novembala ndi 3 Disembala. Mu 2026 ndi pa 29 Novembala. Ndi pamenenso chaka cha mpingo chimayambira. Mawu akuti Adventi ndi ochokera ku Chilatini, otanthauza kufika.

Nyengoyi ili ndi mbali ziwiri. Mpaka pa 16 Disembala mawerengo amaloza kubweranso kwa Ambuye, ndipo timamva kwambiri Yesaya ndi Yohane Mbatizi. Kuyambira pa 17 amatembenukira ku kubadwa kwake. Nchifukwa chake kwa Akatolika wansembe amavala zapepo ndipo nyimbo ya Ulemu kwa Mulungu Kumwamba siimbidwa pa Malamulungu amenewa, imasungidwira usiku wa Khirisimasi. Achinyamata aphunzire nyimbo za Khirisimasi pa kwaya mkati mwa mlungu, koma m'tchalitchi adikire. Mukafuna kuwafotokozera, werengani nawo Yakobo 5:7, za mlimi amene akudikira mvula. Kuno safunika kumasulira. Mwezi umenewo aliyense wasosa, wakonza mbewu, akuyang'ana mitambo ya kumapiri a Thyolo, ndipo amadziwa kuti wobzala ndi mvula yonyenga amabzala kawiri.

Nkhata ikhale ndi makandulo anayi, atatu apepo ndi imodzi yapinki yoyatsa Lamulungu lachitatu. Akasowa, oyera ndi okwanira, mungomanga kansalu ka mtunduwo m'munsi mwake, kutali ndi moto. Lamulungu loyamba muyatse imodzi, lachiwiri ziwiri, mpaka zonse zinayi. Masamba a paini kuno kulibe, ndipo palibe lamulo lowafuna. Pindani nthambi yofewa kapena waya kukhala bwalo, mumangepo masamba a mango kapena a mlaza, ndipo muzisintha Loweruka lililonse chifukwa amafota m'masiku ochepa.

Makandulo anapindika chifukwa anatsala m'tchalitchi cha malata mlungu wonse. Gulani onenepa, mapemphero akatha muwazule, muwakulunge m'pepala ndi kuwagoneka pansi pamalo pozizira, pafupi ndi mtsuko wa madzi. Poyatsa, zikani kandulo iliyonse m'kachitini kodzaza mchenga kuti isagwere pa masamba, ndipo nkhatayo ikhale kutali ndi zenera ndi nsalu za paguwa. Kandulo yoyamba imayaka Malamulungu onse anayi, choncho mugule ina yapadera ya mtundu umenewo.