Funsani Tiyankhe: Misonkhano Itatu Kapena Umodzi?

FUNSO: Zikomo bambo. Ndimagwira ntchito pa kampani ina yogaya mpunga ndi kupakira chitowe kufupi ndi Bangula. Anandilemba kuti ndiziyang'anira ubwino wa katundu potsatira muyezo wa padziko lonse wa ISO 9001. Chaka chatha wogula wathu wamkulu ananena kuti akufunanso satifiketi ya za chilengedwe, ISO 14001, ndi ya chitetezo cha ogwira ntchito, ISO 45001, ndiye zonsezo anangondisenzetsa ine. Odita, amene amadzafufuza ngati tikutsatiradi miyezoyi, akubwera mu Novembala ndipo akuti adzafuna kuona maminitsi a management review, msonkhano umene akuluakulu a kampani amaunikira dongosolo la ntchito. Kodi ndiitanitse misonkhano itatu? Chinanso, abwana amakhala ku Blantyre. Akuti kuno kukutentha, ndingolemba maminitsiwo iwo adzasaina. Nditani ine? — Mayi wa ku Bangula

YANKHO: Mayi, ndiyambe ndi chopepuka. Msonkhano ndi umodzi basi. ISO 9001 ndi ISO 14001 anazilembanso mu 2015, ndipo ISO 45001 inatuluka mu 2018 kulowa m'malo mwa muyezo wakale wa chitetezo, OHSAS 18001. Zitatuzi anazimanga pa mafupa amodzi. Tsegulani buku lililonse mwa atatuwo pa gawo 9.3, mupeza nkhani yake ndi yomweyo: akuluakulu a kampani azikhala pansi n'kuunika ngati dongosolo la ntchito likadali loyenera, lokwanira ndiponso ngati likubala zipatso. Palibe pamene analemba kuti buku lililonse likhale ndi msonkhano wakewake. Sanalembenso kuti kangati pachaka. Anangoti pa nthawi zimene mwakonzeratu. Ambiri amachita kamodzi pachaka chifukwa odita naye amabwera kamodzi pachaka, koma kuno kuchigwa ine ndimalangiza kawiri, ndipo chifukwa chake ndinena pansipa.

Tsono za abwanazo. Musalembe maminitsi a msonkhano umene sunachitike. Kupatula kuti limenelo ndi bodza, odita wodziwa ntchito sathera pa pepala. Amapempha mphindi khumi ndi bwanayo n'kumufunsa kuti, "Pa zimene munagwirizana ulendo watha, n'ziti zimene zakanika, ndipo chifukwa chiyani?" Bwana amene anangosaina amayamba kuyang'ana kudenga. Ine ndinagwirapo ntchito imeneyi zaka zambiri ndisanapume kuno ku Nchalo, ndipo nkhope imeneyo ndimaidziwa. Auzeni mwaulemu kuti gawo 9.3 likunena iwowo, osati inu, chifukwa ndi iwo amene ali ndi mphamvu pa thumba la ndalama. Akanyamuka mbandakucha, kutsika mapiri a Thabwa kusanatenthe, pofika masana nkhani yatha. Zikavutitsitsa alowe nawo pa foni kapena pa kompyuta, bola azimva ndi kuyankha.

Koma vuto lalikulu limene ndikukuoperani ndi lina. Anthu akamva kuti msonkhano ndi umodzi, amangolumikiza misonkhano itatu ngati ngolo za sitima. Ndinakhalapo pa msonkhano wotero pa fakitale ina kuno kwathu, dzina ndisunge. Unali Okutobala, magetsi atazima, fani ili duu. Wa za ubwino wa katundu anawerenga masamba ake ola lathunthu. Wa za chilengedwe anawerenga ake. Pamene wa chitetezo ankaimirira n'kuti nsima ya mbuzi itafika kale pakhomo, manejala akusinza, kolala ya malaya ili chinyezi chokhachokha. Mafayilo anali okongola zedi, a zikuto zonyezimira, koma chikomekome cha mkuyu. Patapita miyezi itatu mvula inakula, madzi analowa mosungira katundu. Matumba a pansi ananyowa chifukwa anali pa simenti popanda mapaleti. Migolo ya oilo wakutha imene inali kuseri kwa jenereta inagwa, oiloyo n'kutsata ngalande. Mlonda, pofuna kupulumutsa katundu, analowa m'madzi ofika m'mawondo pomwe panadutsa chingwe cha magetsi. Mwayi wake magetsi anali atazima kale. Titabwerera m'mafayilo aja tinapeza kuti zonse zitatu zinalembedwamo. Za mapaleti zinali m'buku loyamba, za migolo m'buku lachiwiri, za chingwe m'buku lachitatu. Panalibe amene anaona kuti ndi nkhani imodzi: pansi pa nyumbayo panali potsika kuposa msewu.

Ndiye ajenda yanu musaikonze potsata mabuku. Ikonzeni potsata ntchito zimene mumagwira, ndipo pa ntchito iliyonse muzifunsa mafunso atatu nthawi imodzi: kodi zikumukhudza bwanji wogula, zikukhudza bwanji nthaka, madzi ndi anthu oyandikana nafe, nanga wogwira ntchitoyo ali pa ngozi yanji?

Titenge chitsanzo cha pamalo panu pomwepo, kufukiza matumba ndi mapilitsi ophera anankafumbwe. Mukathira ochepa kapena tenti ikakhala yobooka, tizilombo sitifa, ndipo wogula abweza katundu. Mapilitsi amenewa akakumana ndi chinyezi amatulutsa mpweya wa phosphine umene umapha munthu, ndiye funso n'lakuti amavundukula tenti ndani, patapita masiku angati, atavala chiyani, ndipo mlonda wausiku amagona kutali bwanji ndi mulu umenewo. Kenako pali zitini zotsala ndi phulusa lake: zikupita kuti? Ndinapezapo chitini chotero pamsika, wina akusungiramo mchere. Tenti yatsopano imodzi, loko pa kabati ya mankhwala ndi maphunziro a tsiku limodzi zimayankha mabuku onse atatu, ndipo abwana amva msanga chifukwa mwawapempha ndalama kamodzi, osati katatu. Chitaninso chimodzimodzi ndi mankhusu a mpunga, fumbi la m'chigayo, dizilo wa jenereta ndi kusenza matumba a makilogalamu 50 dzuwa lili paliwombo.

Pali zinthu zimene mabukuwo amafuna kuti zisasowe patebulo, ndipo odita adzazifufuza chimodzichimodzi. Choyambirira ndi zimene munagwirizana pa msonkhano wapita. Yambani ndi chimenechi nthawi zonse, ngakhale chikhale chochititsa manyazi. Kenako zimene zasintha mkati ndi kunja kwa kampani, zotsatira za maodit, zolakwika ndi mmene munazikonzera, zolinga za chaka zafika pati, ndiponso ngati anthu ndi zipangizo zikukwanira. Izi ndi za mabuku onse. Buku la ubwino wa katundu limawonjezera maganizo a makasitomala ndi mmene okubweretserani katundu akuchitira, kwa inu ndiye alimi ndi amathiransipoti. La chilengedwe limafuna madandaulo a anthu akunja, monga amfumu akabwera kudzanena za utsi wa mankhusu, komanso ngati mukutsata malamulo monga Environment Management Act ya 2017. La chitetezo limafuna ngozi zonse, ngakhale zimene zinangotsala pang'ono kuchitika, maganizo a ogwira ntchito, ndi lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997. Zonsezi zilembeni mwachidule pa masamba atatu kapena anayi, muwatumizire anthu kutatsala sabata. Pamsonkhano si powerengera malipoti. Pangani kapepala kamodzi kosonyeza kuti mfundo yakuti ya gawo 9.3 inakambidwa pa mutu wakuti wa ajenda, mudzamupatse odita, sadzakuvutitsani.

Za kawiri pachaka zija. Mu Febuluwale 2024 bungwe la ISO linawonjezera mawu m'mabuku amenewa oti kampani iziunika ngati kusintha kwa nyengo kukuikhudza. Kwina anthu amakanda mutu kuti alembapo chiyani. Ife a ku Chikwawa ndi Nsanje sitifunika kuganiza nthawi yaitali. Tinaona madzi a Januwale 2015, a namondwe Idai mu 2019, a namondwe Ana mu Januwale 2022 amene anadula msewu wa M1 n'kuwononga damu la magetsi la Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka, kenako Freddy mu Malichi 2023. Madzi saiwala khwawa. Choncho msonkhano umodzi uzikhala mu Seputembala, kukadali nthawi yokumba ngalande, kukweza migolo ndi kugula mapaleti mvula isanayambe, ndiponso kutentha kwa Okutobala ndi Novembala kusanafike poipa. Winawo uzikhala cha mu Epulo kapena Meyi, madzi ataphwa, mpunga watsopano usanadzaze nkhokwe, kuti muone zimene dzinja lakuphunzitsani. Kwa inu chaka chino Seputembala akukuyenerani bwino, chifukwa odita akamadzafika mudzakhala mutachitapo kale zina mwa zimene munagwirizana.

Maminitsi akhale aafupi. Mfundo iliyonse ikhale ndi chochita, dzina la wochita, tsiku lomalizira ndi ndalama zake. Mawu akuti "nkhaniyi tinakambirana" kapena "tiona" ine ndinkawadula ndi bolopeni yofiira. Ngati abwana akana kugula chinthu, lembani kuti akana ndi chifukwa chake. Chimenechonso ndi chigamulo, ndipo tsiku lina chidzakutetezani inuyo.

FUNSO: Achikulire, ine ndine woimira ogwira ntchito anzanga pa fakitale ina ya thonje cha ku Ngabu. Timangoona magalimoto a mabwana atabwera ku msonkhano woterewu, kenako zii. Kodi tili ndi ufulu womva zimene akambirana? — Bambo wa ku Ngabu

YANKHO: Achimwene, ngati fakitale yanu ili ndi satifiketi ya ISO 45001, yankho ndi inde. Gawo 9.3 lomwelo limalamula akuluakulu kuti aziuza ogwira ntchito ndi owaimira zotsatira zimene zikuwakhudza, ndipo gawo 5.4 limati muzifunsidwa maganizo pa nkhani za chitetezo. Sizikutanthauza kuti akuonetsani mabuku a ndalama ayi. Koma ngati munadandaula za fumbi la thonje lotsamwitsa, mamasiki otha kapena zozimira moto zopanda kanthu, muyenera kumva kuti agamula chiyani ndipo zichitika liti. Lembani madandaulo anuwo msonkhano usanachitike, mupereke kwa woyang'anira chitetezo, kope ina musunge. Mupemphenso kuti yankho lidzamatidwe pa bolodi ya pageti m'Chichewa, ndipo kapitawo adzalifotokoze m'Chisena pa shifiti ya m'mawa ndi ya usiku yomwe, chifukwa a usikuwo ndi amene amaiwalika kawirikawiri.