Andipempha kulowa m'komiti ya zachilengedwe, koma akuti ilibe mano. Ndivomere?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene anapuma pa ntchito ya uphunzitsi. Khonsolo ya tauni yawo, yomwe ndi yaing'ono ndithu, yawapempha kuti alowe m'komiti yoona zachilengedwe, ya anthu ongodzipereka. Iwo akukayika. Anandilembera kuti: "Ine za sayansi sindinapite nazo patali. Kukomitiko malipiro kulibe, ndiponso ndamva kuti singaletse munthu kumanga kapena kumulipiritsa chindapusa. Ndiye imagwira ntchito yanji kwenikweni? Sindikangotayako nthawi yanga?"

Mayi, vomerani. Ndayambira kuyankha chifukwa pamenepa ndilibe chikayiko ngakhale pang'ono. Chimene ndikufuna n'chakuti mukalowe mukudziwa pamene pagona ntchitoyi, poti ambirife tinalowa maso ali kwina.

Zoti komiti yotere ilibe mano, m'madera ambiri n'zoona. Iyo imalangiza, ogamula ndi makhansala pamodzi ndi komiti yovomereza mapulani a zomangamanga. Ku America, m'chigawo cha New Jersey, lamulo la 1968 linalola tauni iliyonse kukhazikitsa komiti yotere. Imakhala ndi anthu 5 mpaka 7 okhala m'tauni momwemo, osankhidwa ndi meya, aliyense kwa zaka 3, popanda malipiro, ndipo mmodzi wa iwo ayenera kukhalanso m'komiti ya mapulani. Ku Massachusetts makomiti otere anayamba ndi lamulo la 1957, ndipo mu 1972 anapatsidwa mphamvu zololeza kapena kukana ntchito zochitika m'madambo. Mukuona kuti mphamvu zimasiyana malinga ndi malamulo a dera. N'chifukwa chake pepala loyamba kuliwerenga ndi limene linakhazikitsa komiti yanuyo. Lipempheni musanapite kumsonkhano woyamba.

M'lamulo la ku New Jersey lija muli ntchito ina imene poimva koyamba imaoneka yozizira: kusunga kaundula wa malo onse osamangidwapo, a boma ndi a anthu omwe, kuphatikizapo madambo ndi zithaphwi. Lamulo lina la komweko limati komiti ikalemba kaundula wa zachilengedwe za m'tauni n'kumupereka, a mapulani ayenera kumaipatsa kope ya pempho lililonse la ofuna kumanga. Apa m'pamene pali khomo. Wolemba zimene zili panthaka ndiye amene amaona mapulani asanadindidwe. Ine zinanditengera nthawi, ndi chisoni pang'ono, kuti ndimvetse zimenezi.

Chaka changa choyamba m'komiti yotere tinatanganidwa ndi kubzala mitengo. Tinakumba maenje, tinajambulitsa zithunzi, ana asukulu anaimba, tonse tinabwerera kunyumba mitima ili mbee. Koma sitinagwirizane za wothirira, ndipo pofika kumapeto kwa chilimwe mbande zambiri zinali zitasanduka timitengo touma. M'miyezi yomweyo pempho lokwirira mbali ina ya dambo la kumunsi kwa tauni linadutsa kukhonsolo, ife osadziwa. Tinadziwa tsiku limene malole anayamba kukhuthula dothi lofiira pamwamba pa bango. Ndinaima m'mbali mwa msewu n'kumayang'ana mbalame zikuuluka mozungulira, zikusowa potera. Panalibe amene anatibisira. Chikalatacho chinali pabolodi la zidziwitso kwa masabata angapo, koma palibe wa ife amene ankapita kukawerenga bolodilo. Tinalemba kalata yodandaula, koma madzi akatayika saoleka.

Amene anatiphunzitsa ntchito anali bambo wina wachikulire wosalankhulalankhula pamisonkhano. Anali ndi kope la sukulu, lomangidwa ndi kalabala, masamba ake atakwinyika chifukwa chonyowa n'kuuma kambirimbiri. Mvula yamphamvu ikangokata, ankavala majombo n'kuyendera malo omwewomwewo: pamlatho, pakalavati ya pamphambano, kuseri kwa sukulu. Ankalemba tsiku, malo, ndi pamene madzi alekeza. Pachipilala cha mlatho anajambulapo timizere ta penti kuti asamayese mongoganiza. Anachita zimenezi zaka zingapo popanda womutuma. Tsiku lina kunabwera pulani yomanga mashopu ndi bwalo loimikapo magalimoto kumtunda kwa kalavati ija. Bamboyo sanakweze mawu. Anangotsegula kope lake patebulo n'kuwerenga masiku amene madzi anadutsa pamwamba pa msewu malowo asanamangidwe n'komwe. Injiniya anapempha kopelo, analiyang'ana kwa kanthawi ali chete, kenako anafunsa ngati angalijambule. Mashopu anamangidwa, koma kalavati anaikulitsa, ndipo kumunsi kwa bwalolo anasiya kadziwe koti madzi aziyamba adikhamo asanalowe m'ngalande.

Mwanena kuti sayansi simunapite nayo patali. Masamu ofunika kwambiri pantchitoyi munkawaphunzitsa nokha. Mvula ya milimita imodzi ikagwa pamalo a sikweya mita imodzi, amenewo ndi madzi okwana lita imodzi. Ndiye mvula ya mamilimita 25 padenga la masikweya mita 100 ndi malita 2,500. Pabwalo lothiridwa phula la masikweya mita 2,000 ndi malita 50,000. Pathengo kapena padambo gawo lalikulu la madzi amenewo limalowa pansi pang'onopang'ono, n'kukadyetsa akasupe ndi zitsime. Paphula ndi pasimenti pafupifupi onse amathamanga nthawi imodzi, atanyamula oyilo wa magalimoto, dothi ndi zinyalala, ndipo amakathera pakhomo la munthu wokhala kumunsi amene sanafunsidwe chilichonse. Mukagwira pulani m'manja, funso lanu loyamba likhale limeneli: madzi a pamalo ano apita kuti? Mudzadabwa kuti nthawi zina m'chipinda monse palibe amene analifunsa.

Ndikuchenjezeninso za kalankhulidwe. Komiti imene imangoti "titeteze chilengedwe" pa chilichonse, makhansala amaigwedezera mutu mwaulemu n'kupitiriza zawo. Imene imakana pulani iliyonse imatchuka kuti ndi yodana ndi chitukuko, ndipo posakhalitsa amasiya kuiitana. Anthu a m'tauni akufuna nyumba, ntchito ndi misewu, ndipo sakulakwa. Malangizo amene amamveka ndi ogwirika: nyumbayi isunthidwe pang'ono kuti italikire mtsinje, mitengo ikuluikulu ya m'malire isadulidwe, dothi lokumbidwa litchingidwe kuti lisakokolokere m'ngalande, dzenje la chimbudzi lisayandikire chitsime. Zoterezi womanga amatha kuvomera osaluza zambiri, makamaka mukazinena pulani idakali papepala, chifukwa kufufuta mzere wa pensulo n'kosavuta kusiyana ndi kugumula maziko. Ndipo muzilembe. Mawu a pakamwa amathera pamsonkhano pomwepo, pamene kalata ya tsamba limodzi yokhala ndi deti imalowa m'faelo, ndipo ikhoza kudzatulutsidwa zaka zisanu zikubwerazi.

Ntchito zina zija, zosesa m'misewu, zosonkhanitsa mabatire akutha ndi oyilo wakale kuti zisatayidwe pamtaya wamba, zophunzitsa anthu kupanga manyowa a kompositi, zokalankhula kusukulu pa 5 June, tsiku lokumbukira zachilengedwe padziko lonse, n'zabwino ndipo muzichite. Zimachititsa kuti anthu akudziweni, ndipo akakudziwani amabwera okha kudzakunong'onezani kuti uko wina akutayira zoipa mumtsinje usiku. Koma zisakudyereni chaka chonse. Mitengo nayo bzalani yochepa imene mwapezeratu woithirira.

Chovuta chenicheni cha tauni yaing'ono n'chakuti nonse mumadziwana. Mwini pulani imene mukuifunsa mafunso akhoza kukhala mwana amene munamuphunzitsa, kapena mnansi amene anakuthandizani pa tsiku la mavuto. Pali masiku amene moni wanu adzayankhidwa mozizira, ndipo zidzakupwetekani. Sindikubisirani. Chimene chinandithandiza ine ndi kulankhula za malo osati za munthu, ndiponso kufunsa mafunso omwewo kwa aliyense, wolemera kapena wosauka, mnzanga kapena ayi. Nkhani ikakhudza mbale wanu kapena malo anu, nenani poyera n'kutuluka panja mpaka anzanu amalize kukambirana. Komiti yopanda mphamvu za lamulo imadalira kukhulupiriridwa basi, ndipo mphekesera imodzi yoti munakondera ikhoza kufafaniza ntchito ya zaka zambiri.

Padzakhalanso misonkhano imene mudzafike anthu atatu okha, osakwana n'komwe kupanga chiganizo. Padzakhala malangizo amene mudzawakonze usiku wonse, khonsolo n'kuwaika pambali. Zikatero onetsetsani kuti alembedwa m'maminitsi, pitirizani. Makhansala amasintha pachisankho chilichonse, ogwira ntchito kukhonsolo amasamutsidwa, ndipo kawirikawiri komiti ya anthu ongodzipereka ndi imene imatsala ikukumbukira kuti pamalo pakuti panali kasupe asanakwiriridwe. Munthu amene wasunga rejisitala ya kalasi zaka zonsezi, amene amadziwa kuwerenga chikalata mpaka kumapeto ndi kufotokozera chinthu chovuta kwa anthu otopa, ndi amene akusoweka m'makomiti ambiri. Akatswiri mungathe kuwaitana pa nkhani imodziimodzi, ndipo ambiri amabwera mosavuta akaona kuti mwakonzekera.

Pamsonkhano woyamba funsani ngati komiti ili ndi mapu osonyeza mitsinje, madambo, akasupe, malo otsetsereka ndi mitengo yakalekale ya m'tauni mwanu. Ngati kulibe, ntchito yanu ya chaka chino yapezeka. Funsaninso tsiku limene a mapulani akumane, ndipo mugwirizane za munthu amene azikawerenga bolodi la zidziwitso sabata iliyonse. Kenako gulani kope latsopano ndi kalabala. Mvula yamphamvu ikadzagwa, musadikire kuti kuche bwino. Tulukani madzi adakali m'misewu, muyambire kumtunda muziwatsata mpaka kumene akukathera, ndipo mukabwerako mudzandilembere zimene mwaona.