Yankho kwa amalume: ubatizo unafika bwanji ku Estonia

Eee amalume, uthenga wanu uja ndaumva, pepani ndachedwa kuyankha ndinali kuntchito. Mwafunsa kuti anthu akuno ku Estonia Chikhristu anachilandira bwanji, ngati kunabwera amishoni ndi sukulu ngati kwathu. Ayi ndithu amalume, kuno ubatizo unabwera ndi lupanga.

Ajeremani anamanga mzinda wa Riga (lero uli m'dziko loyandikana nalo la Latvia) mu 1201, bishopu wawo anali Albert, ndiye anali ndi asilikali olumbira za mpingo omwe ankawatchula kuti Abale a Lupanga, kuyambira 1208 anayamba kulowa kuno, kutentha midzi, kutenga ziweto, ana a akuluakulu kuwagwira chikole, mukagonja basi akubatizeni muyambenso kupereka chakhumi. Eni dziko analibe mfumu imodzi, dera lililonse linali ndi akuluakulu ake ndi malinga ake pazitunda, komabe mu 1210 anawakwapula Ajeremaniwo pa mtsinje wa Ümera. Mkulu wina dzina lake Lembitu wa ku dera la Sakala ndi amene anayesetsa kuwagwirizanitsa, anasonkhanitsa anthu pafupifupi 6,000, koma pa 21 September 1217 kufupi ndi tauni ya Viljandi anagonja, iye anaphedwa mpaka kumudula mutu kupita nawo.

Tsono chimene chimandiwawa ine ndi ichi amalume. Mu 1219 mfumu ya ku Denmark, Valdemar II, inafikanso pomwe pali Tallinn, likulu la dziko lino, lero, ndiye ansembe a mbali ziwirizi anayamba kulimbirana midzi, poti wayamba kubatiza ndiye kuti dera ndi lake. Mkulu wina wa ku dera la Virumaa, Tabelinus, a Denmark anamupachika chifukwa choti anabatizidwa ndi Ajeremani. Tangoganizani amalume, munthu wabatizidwa kale m'dzina la Yesu yemweyo, akumupha Akhristu anzake!

Nde mu 1223 anthu atawukira, mukudziwa anachita chani? Anasamba thupi lonse ati kuchotsa ubatizo, nyumba zawo anazitsuka ndi kuzisesa ndi matsache, maliro awo omwe anaikidwa kumanda a tchalitchi anawafukula n'kukawatentha mwa mwambo wa makolo awo. Ndipotu izi analemba ndi wansembe wa mbali ya Ajeremani yomweyo, Henry, amene ankayenda nawo kunkhondoko. Ine ndimapemphera amalume mukudziwa, koma anthu amenewa sindingawaweruze, kwa iwo madzi aja ankatanthauza kulandidwa minda.

Linga la Tartu linagwa m'manja mwa Ajeremani mu 1224. Omaliza anali a pachilumba cha Saaremaa, akatswiri a mabwato, koma mu January 1227 nyanja itaundana ndi kuzizira asilikali a Ajeremani anangoyenda pamwamba pake ndi akavalo omwe, linga la Muhu n'kugwa, la Valjala n'kugonja. Koma mkwiyo sunathe, patatha zaka zoposa 100, usiku wa 23 April 1343, eni dziko anawukiranso, mpaka atsogoleri awo anayi Ajeremani anawaitanira ku tauni ya Paide ati tikambirane, n'kuwaphera konko.