Za malo a madzi a Moana ku EPCOT: musakayembekezere chokwera

Achemwali, mwafunsa ngati Journey of Water ya ku EPCOT, paki ya Disney ya ku Orlando m'dziko la America, ndi yoti n'kutayirapo nthawi muli ndi ana awiri, wa zaka 4 ndi wa zaka 9, komanso ngati muwatengere zosambira. Ndaona ena akuti "palibe chilipo, ndi kanjira chabe." Sakunama, ndi kanjira ndithu. Palibe galimoto, palibe bwato, palibe chokugwedezani mpaka mtima kufika kukhosi. Koma amene amatuluka atakhumudwa ndi aja amalowamo ngati akuthamangira basi. Malowo anawapangira munthu woyenda pang'onopang'ono, makamaka mwana, ndipo ndikuuzani chifukwa chake.

Anawatsegula pa 16 October 2023, m'chigawo cha paki chotchedwa World Nature. Mukalowa pageti n'kudutsa chimpira chachikulu chija cha Spaceship Earth, mumakhotera kumanja ngati mukupita ku The Seas, komwe kuli nsomba. Nkhani yake anaitenga mufilimu ya Moana ya 2016, momwe nyanja imachita zinthu ngati munthu wamoyo, kusewera ndi kamtsikana kaja. Ndiye funso la okonza linali lakuti: tingatani kuti mwana weniweni amve ngati madzi akumudziwa ndipo akumuyankha?

Njirayo imatsata ulendo wa madzi monga tinkaphunzirira kupulayimale: mvula, kamtsinje, dambo, kasupe, mtunda, nyanja, mtsinje waukulu, nyanja yamchere, kenako kubwerera kumitambo. Pamalo paliponse pali chikwangwani chofotokoza, koma zoona zake n'zakuti ana sawerenga. Amaphunzira ndi manja. Poyambirira pali timizere ta madzi totsika kuchokera pamwamba ngati zingwe za zeze. Mukadutsitsa chala pakamzere kamodzi, kamalira mawu ake. Kena kamaliranso mosiyana. Mwana wanga wamng'ono anaima pamenepo mphindi zingapo akuyesa chala chimodzi, kenako chikhatho chonse, kenako chigongono, nkhope ili gwa ngati dokotala. Ine kumbuyo ndikuti "tiye, anthu akudikira," mpaka ndinazindikira kuti wopupuluma ndinali ine ndekha.

Patsogolo pali pomwe mumatambasula dzanja pamwamba pa kasupe, madzi n'kukwera kutsatira dzanjalo. Mukalitsitsa, nawonso amatsika. Pali chinsalu cha madzi chogwa ngati mathithi, chomwe chimang'ambika pakati mukamachiyandikira pang'onopang'ono kuti mudutse osanyowa. Ndati pang'onopang'ono. Wamkulu wanga anathamanga kufuna kuchipitirira nzeru, ndipo anatuluka tsidya linalo ngati nkhuku yovumbwa ndi mvula, akuseka mpaka kugwira mimba. Chakumapeto kuli malo a nyanja yamchere, ndipo amenewa ndi omwe ndinawakonda. Munthu mmodzi akakweza manja, funde limakwera pang'ono chabe. Koma mukaima mzere anthu angapo, ngakhale osadziwana, n'kukweza manja pamodzi, chifunde chimaphulika kuseri kwa miyala mpaka mmwamba. Ndinaona bambo wina wachikulire, yemwe anangobwera kudzajambula adzukulu, akuwerengera gulu lonse kuti akweze nthawi imodzi. Zimenezo sizinachitike mwangozi: anapanga dala kuti pawekha usathe.

Matsenga palibe. M'miyala yopangayo anabisamo masensa oona pomwe pali munthu ndi momwe dzanja likuyendera. Sensa imauza kompyuta, kompyuta imatsegula kapena kutseka timavavu tothamanga kwambiri, pampu n'kukankha madzi. Luso lagona pa liwiro lake. Madzi akachedwa kuyankha ngakhale pang'ono, mwana amadziwa kuti ndi makina ndipo chidwi chimatha. Akayankha nthawi yomweyo, iye amakhulupirira kuti ndi iyeyo wachititsa. Ndiye mapaipi, mawaya ndi magetsi onse anazikwirira pansi pa miyala ndi zomera kuti diso lisaone china koma madziwo.

Mukaonanso madzi odumpha ngati kansomba, kuchoka pena kukagwera pena osamwazika. Ameneyu ndi mkalakale pa EPCOT. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, panja pa nyumba ya Imagination pali akasupe odumpha otere, ndipo mmodzi mwa amene anawakonza, Mark Fuller, anadzayambitsa kampani ya WET yomwe inapanga akasupe otchuka a pa hotela ya Bellagio ku Las Vegas ndi a ku Dubai. Chinsinsi chake ndi kudutsitsa madzi m'timapaipi tambirimbiri ting'onoting'ono toyandikana kuti asiye kuwinduka. Akatuluka amakhala osalala ngati ndodo yagalasi, ndiye kachipangizo kena kamawadula zidutswa. Ndapatuka pang'ono, koma ngati wa zaka 9 uja ndi wokonda kufunsa kuti "zikutheka bwanji," mupite nayenso kumeneko, si patali.

Tsopano cholinga chake. A Disney amanena za kuphunzitsa ana kusamala madzi, ndipo uthengawo ulipodi, mpaka chifanizo chachikulu chobiriwira cha Te Fiti, mulungu wamkazi wa mufilimu ija, chomwe aliyense amafuna kujambulitsa nacho. Koma ine ndikuona zifukwa zina ziwiri zomwe kwa kholo ndi zazikulu kuposa pamenepo. Choyamba ndi dzuwa. Orlando kuyambira June mpaka September kumatentha madigiri opitirira 30, ndi chinyontho chija chokumata malaya pamsana, ndipo EPCOT ndi paki yoyenda mtunda wautali pasimenti. Ikamakwana 1 koloko masana ana amakhala atalefuka, kulira kwayamba. Malo a mthunzi, nkhungu yozizira ndi madzi ogwira ndi manja amawabwezeretsa moyo. Chachiwiri ndi msinkhu. Zokwera zotchuka zili ndi muyeso: Test Track imafuna mwana wotalika masentimita 102, Cosmic Rewind 107. Wa zaka 4 mwina akwanira, mwina ayi, ndipo palibe chowawa ngati kuona mkulu wake akulowa iye n'kubwezedwa pakhomo. Pamadzipa palibe amene amamuyeza. Ndiye ngati bambo awo atenga wamkuluyo kukakwera zothamanga, inu mwapeza kokhala ndi wamng'onoyo.

Za zosambira: musavutike. Si dziwe, palibe posambira, ndipo madzi sadikha pansi chifukwa amalowa m'mabowo nthawi yomweyo. Amayenera kuvala malaya ndi nsapato monga mwa masiku onse. Pali ngakhale mbali ya njira youma ya amene safuna dontho, ndipo munthu wa panjinga ya olumala amadutsa bwinobwino. Komabe mwana ndi mwana. Malo omaliza ali ndi timadzi totumphuka pansi, ndipo pamenepo ndi pomwe mapulani onse a "tingogwira ndi manja basi" amathera. Ine ndinalakwitsa, sindinatenge zosinthira, ndiye tinadya nkhomaliro m'nyumba yozizira ndi makina mwana akunjenjemera, milomo ili bii. Tengani malaya ndi kabudula wina aliyense, jumbo yoikamo zonyowa, ndi nsapato zouma msanga m'malo mwa zansalu ndi masokosi. Chitenje chimodzi m'chikwama chimagwira ntchito ya thaulo ndipo sichilemera. Muwauzenso asamwe madziwo; ndi oseweretsa, manja a anthu ambiri adutsamo.

Nthawi yabwino ndi masana dzuwa litakula, koma musachedwetse kwambiri m'miyezi yotenthayi chifukwa mvula yamabingu imakonda kubwera chakumadzulo, ndipo mphezi zikayandikira zinthu zapanja amaziimitsa. Munthu wamkulu yekha amatha njirayo m'mphindi 10. Ndi ana anu awiriwo, ikani theka la ola osayang'ana wotchi. Ngati mphamvu zikhalapo, mudutsenso kutada, magetsi atayaka pansi pa madzi, pomwe anthu amakhala atachepa ndipo wamng'onoyo akhoza kuliza zeze uja yekha popanda womukankha. Sikulipira kwina, tiketi yolowera paki ija yakwanira. Foni yokha muisunge m'thumba mukafika pa chifunde.