Mestrado ya ma genome: wa ku Ulongwe ayambire pati?

Mnyamata wina wa ku Ulongwe, amene wangomaliza licenciatura (digiri yoyamba) ya zaulimi, wandilembera imelo. Akuti: "Ndikufuna mestrado (digiri yachiwiri) ya bioinformática, koma sindinalembepo pulogalamu ya kompyuta, ndipo makina owerenga DNA sindinawaonepo. Kodi ndikungolota masana?"

Ayi achimwene, simukulota. Bioinformática n'kufufuza ma genome, kutanthauza zilembo zonse za majini a chamoyo, pogwiritsa ntchito kompyuta. Koma mundilole ndiyambire ku Changara, konkuno ku Tete.

Mu Meyi 2022 boma linalengeza kuti mwana wina kumeneko wapezeka ndi poliyo yeniyeni, osati yochokera ku katemera, koyamba m'Mozambique muno chiyambire 1992. Pomatha chaka ana anakwana 8, onse a m'chigawo chathu cha Tete. Funso linali lakuti kachilomboka kachokera kuti, poti mu 2020 Africa anali atalengezedwa kuti poliyo yotereyi anathana nayo. Akatswiri anawerenga zilembo za majini ake n'kuzifananiza ndi za tizilombo tina tosungidwa m'makompyuta. Anapeza kuti n'kachibale ka kamene kanapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale chaka chomwecho, ndipo tonse tiwiri gwero lake ndi ku Pakistan. Kamlendo, osati kotsalira.

Makina anangolavula zilembo. Wozindikira chibalecho anali munthu wokhala pa kompyuta, ndipo mpando umene mukufunsawu ndi womwewo. Kachilombo ka poliyo kali ndi zilembo pafupifupi 7,500, ka malungo 23 miliyoni, chimanga chimene munaphunzira chija zoposa 2 biliyoni. Ndani angawerenge zimenezo ndi maso?

Choncho zoti simunaonepo makina zisakusowetseni tulo. Chondidetsa nkhawa ine ndi china. Ikani Linux, pulogalamu yoyendetsera kompyuta ngati Windows, pa laputopu yanu, muzolowere kulemba malamulo pa sikirini yakuda ija mpaka mantha athe. Kenako Python kapena R, zilankhulo zolembera mapulogalamu, chimodzi chokha poyamba, musathamangitse nkhuku ziwiri. Estatística (masamu a ziwerengero) imene ambiri tinangoiloweza kuti tikhoze mayeso muibwereze mofatsa, chifukwa ndi imene imagwetsa anthu kuposa mapulogalamu. Ndiye Chingerezi. Ife a Chipwitikizi chimatipweteka, tisanamizane, koma pafupifupi zonse zofufuza zimalembedwa m'chimenecho. Mwayi wanu ndi wakuti Dedza wa ku Malawi, kumene amaphunzira m'Chingerezi, muli naye pakhomo.

Kopita kulipo. Ku Maputo kuli Universidade Eduardo Mondlane, ku Marracuene kuli Instituto Nacional de Saúde, ku Manhiça kuli CISM, malo ofufuzira zaumoyo, imene yakhala ikufufuza malungo kuyambira 1996. Kunja, SANBI (South African National Bioinformatics Institute) ya pa University of the Western Cape ku Cape Town imaphunzitsa bioinformática yeniyeniyo. Ine ndimati yang'anani kaye mphunzitsi amene akufufuza zimene mukuzikonda, dzina la sukulu libwere pambuyo, poti bolsa (thandizo la ndalama za maphunziro) kawirikawiri imatsata pulojekiti yake.

Ndipo zaulimi zanuzo musazitaye. Odziwa kompyuta ndi ambiri, koma wodziwa mmene chiwawu chimapserezera kachewere wa ku Tsangano mvula ikachuluka, nkumathanso kuwerenga majini a kachilombo koyambitsa matendawo, ndi wosowa.

Sabata ino chitani ichi. Lowani pa GenBank, nkhokwe ya majini ya pa intaneti, mpaulere, mutsitse majini a poliyo okwana 20 a m'maiko osiyanasiyana. Muwandandalike pa Galaxy, pulogalamu yosanthula majini imene imagwira ntchito pa intaneti osavutitsa laputopu yanu, mujambule mtengo wa chibale chawo. Ukatuluka wokhota munditumizire tiuonere limodzi. Ukatuluka bwino, muuike m'kalata yanu yopemphera malo a mestrado.