Musanadzale sawtooth oak pakhomo, yezani kaye bwalo lanu

Abale athu atatu okhala ku America afunsa za mtengo umodzi womwewu, choncho ndiwayankhira pamodzi. Woyamba ndi bambo wina wa ku Maryland amene wagula nyumba yopanda mthunzi, ndipo ku nazale amuuza kuti sawtooth oak ndiye mtengo wokula msanga. Akufunsa ngati adzale.

Bambo, a ku nazalewo sanakunamizeni. Mtengowu, umene akatswiri amautcha Quercus acutissima, kwawo ndi ku China, Korea ndi Japan, ndipo udafika ku America mu 1862. Dzina loti sawtooth lidabwera chifukwa cha masamba ake, omwe m'mphepete mwake muli timano ngati ta sowo. Ndi wa m'gulu la mitengo ija Baibulo limati thundu, koma pa liwiro umaposa abale ake ambiri. Thundu wa ku America komweko angathe zaka 20 kapena kuposerapo asanabereke, pamene uwu umayamba kugwetsa zipatso, zimene kumeneko amati acorn, usanakwane zaka 10.

Chimene sanakuuzeni n'chakuti vuto lagona pomwepo. Alenje ndiwo adaufalitsa mtengowu pofuna chakudya cha mbawala ndi nkhukundembo zakutchire. Mu 1986 nthambi ya zaulimi ya boma la America idatulutsa mtundu wina wotchedwa Gobbler ku Kentucky, wa zipatso zazing'ono zoti nkhukundembo zizimeza mosavuta. Mtengo umene anthu amaukondera kuchuluka kwa zipatso, inu mukufuna kuuika pafupi ndi khomo. Mu Sepitembala ndi Okutobala zipatsozo zimayoyoka zambirimbiri pamodzi ndi tizipewa take taubweya, kudzaza mipaipi yotsitsa madzi a padenga, kugogoda galimoto, ndipo wopondapo mosayang'ana amaterereka. Masamba akenso akauma sathothoka onse nthawi imodzi. Amakanirira pamtengo ali ofiirira nyengo yonse yozizira, makamaka mtengo ukadali waung'ono, n'kumagwa pang'onopang'ono. Tsache silipuma.

Ndiye yezani bwalo. Mtengowu umatalika mamita 12 mpaka 18, nthambi zakenso zimatambasuka pafupifupi chimodzimodzi. Ngati simungathe kusiya mamita 8 kapena 10 kuchokera pakhoma, pa mawaya a magetsi ndi pa malire a aneba, usiyeni. Ngati kuseri kwa mpanda wanu kuli nkhalango, usiyeninso ngakhale malo alipo, chifukwa agologolo amatuta zipatsozo n'kukakwirira m'tchire, zina n'kumera. Kum'mawa kwa America akatswiri a zankhalango ayamba kale kuuwerengera m'gulu la mitengo yachilendo yolowerera m'nkhalango zachilengedwe. Ndikadakhala ine, ndikadagula willow oak kapena swamp white oak, mitengo ya komweko imene nayonso sichedwa kwambiri kupereka mthunzi.

Wachiwiri ndi mayi wa ku Indiana amene adadzala kale, koma masamba akusanduka achikasu pamene mitsempha yake idakali yobiriwira. Mayi, musathamangire feteleza wa kapinga. Chizindikiro chimenecho kawirikawiri chimasonyeza kuti mtengo ukulephera kuyamwa ayironi chifukwa nthaka ili ndi laimu wambiri, pamene mtengowu umakonda nthaka ya asidi pang'ono. Zimachitika kwambiri pafupi ndi simenti ya maziko kapena ya njira yolowera galimoto. Tumizani dothi kukayezetsa kudzera ku ofesi ya alangizi ya m'dera lanu; ku Indiana ntchito ya ulangiziyi ili m'manja mwa Purdue University. Zotsatira zikaonetsa kuti pH, muyeso wa asidi m'nthaka, yapitirira 7, salufa wothira pang'onopang'ono amathandiza, koma amatenga nthawi. Fukulaninso pang'ono patsinde muone ngati simudaukwirire mozama. Pamene tsinde limayamba kufutukuka kulowa m'mizu payenera kuonekera pamwamba pa nthaka, ndipo zophimbira nthaka zisakhudze khungwa.

Wachitatu akufuna kutola zipatso kuti akadzale kumudzi ku Dedza akamapita kutchuthi, poti kumenekonso kumazizira. Achimwene, ayi. Njere imeneyi si ya chimanga yoti mungaumitse n'kusunga, ikangouma, yafa. Kulowa ndi mbewu m'dziko kumafunanso chilolezo cha boma. Komanso tidaona kale zimene paini wochokera ku Mexico adachita pa phiri la Mulanje, kumene adafalikira yekha mpaka anthu kumalipidwa kuti amudule. Zipatso za thundu zilinso ndi ululu umene umawononga impso za ng'ombe ndi nkhosa zikadya zambiri, ndiye ganizirani bwalo la kumudzi mmene ziweto zimayendera momasuka.

Ngati muli ndi munda waukulu ku America komweko, kutali ndi nkhalango, kumeretsa sikuvuta. Tolani zipatso zikangogwa, ziviikeni m'madzi, zoyandama mutaye chifukwa zambiri zimakhala zofumbwa. Zomira mudzale nthawi yomweyo pakuya masentimita 3 mpaka 5, n'kuphimba ndi waya wa sefa kuti agologolo asafukule. Mbande imayamba ndi muzu wautali wolunjika pansi, choncho chubu chachifupi chimaupinda, ndipo mtengo wopindika muzu sukula bwino. Kuli bwino kudzala pamalo pomwe udzakhalire, padzuwa, n'kumathirira zaka ziwiri zoyambirira.

Kwawo mtengowu suikidwa pakhomo ngati duwa. Ku Japan, kumene amautcha kunugi, amaudula ukakula ndithu, thunthu n'kupangira makala abwino kapena kumeretserapo bowa wa shiitake, chitsa n'kuphukiranso chokha. Ku Korea zipatso zomwe zikuvutitsa aneba ku Maryland amazisinja, n'kuziviika m'madzi mpaka kuwawa kutatha, monga timachitira ndi chinangwa chowawa, kenako n'kuphika chakudya chotchedwa dotorimuk.